Mafilimu Atatu a Willard

Salt River, Cape Town
7 Epulo 2024

Okondedwa achemwali a Annie,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi bambo ndi ana kumeneko ku Ndirande. Ine kuno ndilipo, ntchito ikuyenda pa shopu yathu yobwereketsa makamera, kungoti kuzizira kwayamba kale.

A Hawkins, adalaivala a thiraki aja, akupatsani kalatayi pamodzi ndi katoni. Musakondwe ndi kulemera kwake, mulibe chakudya. Muli kamera yakale yojambula kanema pa filimu yopapatiza, amaitcha Super 8, imene abwana anga amafuna kutaya. Mulinso mabatire ndi timabokosi titatu ta filimu. Ndalemba papepala chifukwa za pa foni inu mumavomera zonse kenako n'kuiwala.

Mafilimuwo amaoneka ofanana koma ndi osiyana. Ya 50D ndi ya padzuwa, ndipo akuti imasunga bwino zinthu za mumthunzi. Ya 100D ndi ya padzuwanso, koma mitundu yake imatuluka yowala mwaukali. Ya 200T ndi ya m'nyumba, pa kuwala kwa babu. Iliyonse imayenda mphindi zitatu ndi pang'ono, ndipo ikatha yatha, sifufutika ngati za pa foni. Muwasunge mu firiji. Musatsegule kabokosi, mulibe choti muone mpaka filimuyo itatsukidwa, ndipo kutsukitsa kwake abwana amatumiza kunja.

Chimene ndikufuna ndi ichi. Mujambule bambo atakhala pansi, pa mafilimu onse atatu, kuti ndione imene ikutulutsa khungu lawo mmene lilili. Mukuchidziwa chithunzi cha malemu mayi chili pabalaza chija: maso ndi mano basi, kwinako mdima. Achemwali, ndakhala kuno zaka naini ndipo nkhope ya mayi yandithawa m'mutu. Ndikatsinzina ndimaona chithunzicho, osati iwo. Bambo ndi akuda kuposa mayi, ndipo timavidiyo ta pa foni yanu timangowasandutsa chithunzithunzi. Mapepala anga sanalongosokebe, sindikudziwa kuti ndibwera liti, ndipo ndikuopa kuti nawonso ndidzawataya chimodzimodzi.

Koma zimenezi musawauze. Mumawadziwa, adzati tikuwakonzera chithunzi cha pabokosi. Mungowauza kuti ndikuyesa mitundu ya mafilimu, za kuntchito.

Mchimwene wanu,
Willard


Ndirande
28 Epulo 2024

Iwe Willard,

Tonse tili bwino, kupatula bipi ya bambo imene ikukwera ndi kutsika ngati mtengo wa tomato.

Katoni inafika. A Hawkins anaitsitsa masana anthu ali pa mpopi, ndiye pofika madzulo dera lonse linali litamva kuti kwa a Namakhwa kwagwa katundu wa ku Joni. Azakhali a ku Bangwe anatulukira m'mawa mwake osaitanidwa. Atapeza kuti mulibe bulangete kapena mafuta ophikira anawerenga timabokosi tija n'kunena kuti popeza tilipo titatu, kamodzi ndi kawo. Ndinayesa kufotokoza, koma ukudziwa wekha kuti katundu wochokera kunja sathera nyumba imodzi. Mwana wawo ali ndi chinkhoswe mu Juni. Anasankha ya 200, ati chifukwa kukakhala anthu ambiri ndipo ya 50 siingakwane. Ndinalephera kuwatsutsa poti nanenso sindikudziwa kuti manambalawo akuwerenga chiyani.

Firiji yathu inafa chaka chatha, ndiye mafilimu ako akugona kwa amayi ogulitsa mafilizi aja, pambali pa nkhuku, nditawakulunga m'majumbo awiri.

Vuto lenileni ndi bambo. Ndinawakopera malangizo ako papepala lina, kusiya za mayi zija, n'kuwauza monga unanenera kuti ndi zoyesa mitundu. Ndikanadziwa sindikanatero. Munthu anapopera penti magalimoto ku Chirimba zaka sate wani, iwe n'kumuuza kuti pali ntchito yoyesa mitundu, umaganiza kuti akhala pampando? Kamera anandilanda tsiku lomwelo ndipo amagona nayo kumutu. Ndikati khalani pakhonde ndikujambuleni, amandiyang'ana ngati ndayamba misala, n'kunena kuti ntchito sindiidziwa.

Tsono nditani? Pa foni ukumangoti ndione mmene ndingachitire, koma sindikuona kanthu. Iwo akuti akulembera okha, poti pa foni samva. Ukamatumizanso katoni uikemo makina oyezera bipi, osati zinthu zoti tizikangana nazo.

Mchemwali wako,
Annie


Ndirande
12 Meyi 2024

Mwana wanga Willard,

Ndakondwa kumva kuti uli moyo, ndiponso kuti abwana ako akudalira iwe pa nkhani ya mitundu. Magazi sanama. Ine ndilipo, makutu okha ndi amene kompuresa yopopera penti inapita nawo.

Mlongo wako amafuna kuononga filimu pojambula ine nditakhala pakhonde ngati mlendo wodikira tiyi. Usamukwiyire, ntchitoyi sanaigwirepo. Poyesa pamafunika mitundu yodziwika bwino, yoti ikalakwika aliyense aone. Nanga ine ndili ndi mtundu wanji woti abwana ako atayirepo nthawi? Ndiponso penti sayesera pa galimoto ya mwini, amayamba ayesera pa lata.

Choncho ndinapita ku Chirimba kwa Gregorio, amene ndinamuphunzitsa ntchito ndipo tsopano ali ndi galaja yake. Tinadula malata sikisi. Penti ndinasakaniza ndekha, chifukwa Gregorio mpaka lero dzanja lake limalemera pa thina wosungunulira penti. Tinapopera lofiira, lachikasu, lobiriwira, labuluu, loyera ndi lakuda, n'kuwasiya masiku awiri kuti aume. Lachinayi teni koloko, dzuwa lili kumsana kwanga, ndinajambula ndi ya handiredi, lata lililonse theka la mphindi, Gregorio akuwerenga pa wotchi. Dzanja langa limanjenjemera masiku ano ndiye ndinatsamiritsa kamera pa dilamu. Kotsalako tinajambula minibasi imene amamaliza kupopera.

Filimuyo ndawapatsa a Hawkins. Undiuze ngati chofiira chatuluka chofiira, chifukwa ndicho chimavuta, chimakonda kuthawira ku olenji. Malata ndawasunga kuseri kwa kabati kuti tidzayesenso ndi ya fifite. Ya thuu handiredi ndamva kuti azakhali ako aitenga ngati gawo lawo. Ndikanawaletsa, koma ndi mlongo wanga ndipo pakamwa pake ukupadziwa.

Uwapatse moni abwana ako, uwauze kuti ntchito yawo ili m'manja odziwa.

Ndine bambo wako,
Ambrosi Namakhwa


Salt River, Cape Town
2 Juni 2024

Achemwali,

Moni nonse. Ndalandira filimu ndi kalata ya bambo. Ndaiwerenga katatu ndipo sindikudziwa ngati ndiseke kapena ndilire. Mphindi zitatu za malata. Abwana anandifunsa kuti kwathu ajambula chiyani, ndinangoti zinthu za m'banja.

Bambo musawauzebe zoona. Chichokereni ine sanandilembereko kalata yaitali chonchi, yomaliza inali ya mizere folo. Akuganiza kuti ndine munthu wofunika pa shopu pano, pamene ntchito yanga ndi kupukuta magalasi ndi kunyamula mabokosi. Ndikawauza kuti abwana sakudikira chilichonse, ndiwachotsera chinthu chimene chikuwadzutsa m'mawa.

Za azakhali zija mwina ndi mwayi wathu. Pa chinkhoswe bambo adzavala suti ndipo adzawakhazika kutsogolo ngati malume. Inu mugwire kamera, muwajambule iwo mwakachetechete, ena onse muwasiye. Koma chenjerani ndi chinthu chimodzi. Pambali pa kamera pali kabatani kokhala ndi chizindikiro cha dzuwa ndi cha babu. Filimu ya 200T mukaigwiritsa ntchito panja, kabataniko kakhale pa dzuwa. Kakakhala pa babu, zonse zidzatuluka za buluu.

Makina a bipi ali m'jumbo lomwe lili ndi kalatayi.

Willard


Ndirande
30 Juni 2024

Willard,

Kalata yako yafika Lolemba, chinkhoswe chitachitika Loweruka. Thiraki ya a Hawkins inakhala pa boda sabata ziwiri. Ndipo iwe pa foni unangoti zonse zili m'kalata, ngati kuti kalatayo ili ndi mapiko.

Ndiye imva mmene zinayendera. Kamera sindinaikhudze n'komwe. Kabatani kajako bambo anakapeza okha, anawerenga papepala kuti ya 200 ndi ya babu, n'kukaika pa babu. Kunena zoona nanenso ndikanachita chimodzimodzi. Azakhali atamva kuti filimu yawo imafuna babu, anatuma anthu kukoka waya kuchokera m'nyumba n'kupachika babu pakati pa tenti, masanasana dzuwa likuswa mtengo, ati kuti filimu isadandaule.

Bambo suti anavala, koma mpando wa malume unakhala wopanda munthu. Ankazungulira ndi kamera, ndipo mmene ndinaonera ankaloza kwambiri zitenje za yunifomu za azimayi a kuchikazi, ati zinali ndi chikasu chabwino. Ankhoswe akupatsana tambala ndi thadzi bambo anajambulako tambala yekha. Mkwati ndi mkwatibwi sindikudziwa ngati alimo, ndipo azakhali akufunsa tsiku lililonse kuti kanema wawo afika liti.

Tsono ichi ndiye ndinakubisira pa foni. Bambo anaima tsiku lonse osadya, ndipo Lamulungu m'mawa pokonzekera ku Misa anagwa kubafa. Tinagona nawo kuchipatala masiku folo. Atuluka, akuyenda, akulankhula, makina ako aja tikuyezera m'mawa ndi madzulo. Koma pakamwa papindikira pang'ono kumanzere, ndipo diso la mbali imeneyo likugwa. Adokotala akuti mwina pabwerera, mwina ayi.

Ndakhala ndikuseka nawe nkhaniyi, koma lero sindikuseka. Nkhope imene ukuifunayo yayamba kale kusintha, ndipo filimu yatsala imodzi.

Annie


Salt River, Cape Town
11 Ogasiti 2024

Okondedwa bambo,

Ndamva za kudwala kwanu ndipo zandipweteka kwambiri kuti ndinali kutali. Chonde muzimwa mankhwala ndipo muziwamvera achemwali, ngakhale ntchito ya penti saidziwa.

Mafilimu awiri abwera kotsukidwa. Pa ya 100D, chofiira chanu chatuluka chofiira ndithu, sichinathawire ku olenji. Abwana anaonera nane ndipo anafunsa kuti anasakaniza ndani. Chikasu ndi chobiriwira zikuwala ngati sizinaume. Koma lata lakuda ndi mthunzi wa pansi pa minibasi zangokhala dzenje limodzi. Pena mkono wa a Gregorio unalowa m'chithunzi, ndipo sungasiyanitse chala ndi chala. Filimu imeneyi ndi yabwino pa zinthu zowala, koma zakuda imazimeza.

Ya 200T yatuluka ya buluu yonse, chifukwa cha kabatani kamene ine ndinachedwa kufotokoza. Si vuto lanu. Tenti ndi ya buluu, tambala ndi wa buluu, azakhali ndi a buluu. Tayesa kukonza pa kompyuta, zasinthako, koma anthu akuonekabe ngati agona panja mu Juni. Chabwino chake n'chakuti nkhope za amene anali mumthunzi zikuoneka, mphuno ndi masaya zili pamalo pake. Muwauze azakhali kuti mkwatibwi alimo, kumbuyo kwa tambala.

Yatsala ya 50D, ndipo ndi imene ndikuidalira. Pamenepa malata tiwasiye kaye. Chimene chikufunika kwambiri tsopano ndi kuona khungu la munthu wakuda, nkhope yake, ali phee mumthunzi wa pakhonde. Musavutike kupita kutali, wa m'nyumba momwemo akwana. Kamera muwapatse achemwali kuti inu mupumule.

Mwana wanu,
Willard


Ndirande
1 Sepitembala 2024

Mwana wanga Willard,

Ukhululuke zilembo, dzanja likuchita zake. Ndakondwa ndi nkhani ya chofiira. Gregorio ndamuuza, ndipo ndamuuzanso kuti azichotsa mikono yake pa ntchito za anthu.

Za khungu ndamva, ndipo abwana ako aganiza bwino. Khungu ndi penti yovuta kuposa zonse, chifukwa pamphumi ndi pakhosi sipafanana. Koma munthu mmodzi sangakwane. Unati wa m'nyumba momwemo, koma muno muli Annie ndi ana ake, onse anatengera kuyera kwa abale a amayi ako, ndipo ine ndine wojambula. Choncho ndapeza amuna seveni, kuyambira woyererako mpaka wakuda bii. Woyamba ndi a Salehe atelala, womaliza ndi bambo wina wogulitsa makala ku Chemusa, amene ndinamuuza kuti asambe kaye kuti tisanamize abwana ako. Ndinakonza zowaimika pamzere monga malata aja. Awiri anakangana pa nkhani ya yemwe ali wakuda kuposa mnzake, koma ndinawaweruza nditawaimika padzuwa.

Tinapangana Loweruka lapitali ndipo onse anabwera atavala bwino. Nditatuma Annie kukatenga ya fifite, anabwerako chimanjamanja, ati mu firiji mulibe. Ndinapita ndekha. Mayi wa mafilizi akulumbira kuti sanaikhudze, ndipo ndinamulankhula mawu amene tsopano sakundipatsa nawo moni. Ndikukayikiranso azakhali ako, poti sanakondwe kumva kuti ndi a buluu. Anthu seveni aja anamwa tiyi n'kubalalika.

Mutu wanga wazungulira. Wakuba angaitani filimu yopanda kamera? Ndachita manyazi, sindikudziwa kuti abwana ako uwauza chiyani. Ngati akuchotsa ntchito chifukwa cha ine undiuze, usandibisire.

Bambo wako,
Ambrosi Namakhwa

Willard, ndine Annie, ndalemba kuseriku iwo asanamate envulopu. Filimu ndaibisa ine, ili mu firiji ya kuntchito kwathu. Bambo sakudya bwino, akuganiza kuti akuonongera ntchito, ndipo amayi a mafilizi alira chifukwa cha bodza lako ndi langa. Ine ndatopa. Uwauze wekha, apo ayi ndiwawerengera kalata yako yoyamba ija.


Salt River, Cape Town
15 Sepitembala 2024

Bambo,

Filimu sinabedwe, ili ndi achemwali, ndipo anaibisa chifukwa cha ine. Amayi a mafilizi ndi azakhali alibe mlandu.

Ndinakunamizani. Abwana sanandipatse ntchito yoyesa mitundu ndipo palibe chimene akudikira. Pa shopu pano ine ndimapukuta magalasi. Mafilimu atatuwo ndinatumiza kuti onse ajambule inu, kuti ndipeze imodzi yosunga nkhope yanu mmene ilili. Ya mayi ndinaiwala, bambo. Ndatsala ndi chithunzi cha pabalaza chija, chimene mukudziwa kuti si iwo. Ndinaopa kukuuzani chifukwa ndinati mudzaganiza kuti ndikukuwerengerani masiku. Mwina n'zoona kuti ndikuwerenga. Ndili kutali, mapepala sakutuluka, ndipo foni ikalira kuchokera kumudzi mtima wanga umayamba waima.

Munafunsa kuti muli ndi mtundu wanji woti munthu atayirepo nthawi. Ndi umenewo ndakhala ndikuufuna chiyambire Epulo.

Mukakana ndimva. Koma ngati mungathe, khalani pakhonde mphindi zitatu, achemwali akujambuleni.

Mwana wanu,
Willard


Ndirande
13 Okutobala 2024

Willard,

Kalata yako ndinalandira. Ndinakwiya masiku awiri. Za magalasi sizinandikwiyitse, inenso ndinayamba ndi kupala dzimbiri ndi sandipepala. Chinandipweteka n'chakuti unandisiya ndikuthamanga ndi malata ndi tambala, pamene chinthu chimene umafuna chinali pakhosi panga pomwe. Ukanapempha mu Epulo ukanapeza pakamwa pali powongoka. Mwina ndikanakana, sindikudziwa. Ndapita kukapepesa kwa mayi wa mafilizi ndi kwa amuna seveni aja, ndipo wa makala wandifunsa kuti ndiye anasambiranji.

Za amayi ako usadziimbe mlandu wekha. Nditawerenga kalata yako ndinapita ku Chirimba kuti ndisakanize mtundu wawo ndikutumizire. Ndinakhala tsiku lonse ndi bulauni, chofiira ndi kachikasu, Gregorio akungondiyang'ana. Sunatuluke. Ndinakhala nawo zaka sate eyiti ndipo sindinathe kudziwa ngati ndaonjeza kapena ndachepetsa. Ndinabwerera kunyumba ndili ndi mantha ako omwewo.

Annie amati tidikire mwina pakamwa pabwerera. Ndakana, tadikira kokwanira. Dzulo folo koloko ndinameta ndevu, ndinavala shati yoyera, koma ndinaivulanso poti choyera chimaba kuwala kwa nkhope, n'kuvala ya khaki. Ndinakhala pakhonde mumthunzi, dzuwa likuchokera chakumanja. Annie anaika kamera pa tebulo ndi ya fifite mkati.

Mphindi zitatu ndi zazitali munthu ukangokhala. Ndinamufunsa Annie kuti ndinene chiyani, iye anati chilichonse, chifukwa kamerayi sigwira mawu, imangotenga chithunzi. Zimenezi palibe anandiuzapo. Nditamva choncho ndinayang'ana pagalasi la kamera n'kuyamba kulankhula nawe. Ndinakuuza za tsiku limene unanyamuka ine osakuperekeza ku depoti, ndi zina zimene sindinauzepo munthu, ngakhale ansembe. Filimu inatha ndisanamalize. Ngati chithunzi chikugwedezeka chakumapeto ndi mlongo wako, ankalira atagwira tebulo. Ndamulumbiritsa kuti asakuuze kanthu pa foni.

Kabokosiko kali m'jumbo ili. Kaya ya fifite ndi yabwino kuposa zinzake, udzaona wekha, ine sindikudziwanso. Ukadzaona milomo ikuyenda popanda mawu usavutitse abwana ako kuti akonze, filimu sinalakwe. Mawuwo ali kuno ndi ine ndipo sindiwalemba. Fulumira nawo mapepala akowo.

Bambo wako,
Ambrosi